Korona inapeza BP ili kale m'thupi

Pakati pa Juni ndi Seputembala 2020, gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Dr Lawrence Mwananyanda linagwira ntchito imene ambiri aife sitingailakelake. Linkakhala kumochale ya chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka, n'kumapempha anamfedwa kuti alole malemu awo apimidwe ngati anali ndi kachilombo ka korona. Zotsatira zinatuluka pa anthu 364, ndipo 70 anapezeka nako. Mwa 70 amenewo, 51 anafera kunyumba kapena panjira, n'kufika kuchipatala zonse zitatha kale, aja achipatala amangowalemba kuti BID. Mwa 51-wo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapimidwa korona ali moyo.

Ofufuzawo anafunsanso achibale ndi kusanthula mafailo kuti adziwe matenda amene malemu 70 aja ankakhala nawo kale. Pamwamba panali TB, pa anthu 31 mwa 100 alionse. Yachiwiri inali BP, pa 27 mwa 100. Kenako HIV pa 23, kumwa mowa mopyola muyeso pa 17, ndi shuga pa 13.

Nambala ya BP ija tiyenera kuiwerenga mochenjera. Womwalira sapimidwa BP. Amene analowa m'gulu la 27 ndi okhawo amene achibale awo ankadziwa za vutolo, kapena amene zinalembedwa penapake m'buku lawo la kuchipatala. Nanga aja ankayenda nayo osadziwa? M'Zambia muno ndi ambiri. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la WHO, unachita kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa STEPS, woyenda khomo ndi khomo ndi makina opimira. Anapeza kuti akuluakulu 19 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 18 ndi 69 anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi theka la ofunsidwa anali asanapimidwepo chibadwire. Ochuluka mwa osapimidwawo anali abambo. Izi sizodabwitsa. Mayi amamangidwa lamba pamkono akapita kusikelo ya mimba ndi ya kulera, pomwe bambo wa kumudzi amafika kuchipatala atachita kunyamulidwa.

Tsopano tengani manambala amenewa mupite nawo ku Chadiza.

Bomali lili kummwera kwa Chipata, m'malire ndi Mozambique, ndipo kalembera wa 2022 anawerengako anthu opitirira 100,000. Ndi dziko la mafumu a Chichewa, a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndipo Vubwi isanakhale boma palokha inali mbali yake. Anthu ake ndi alimi a chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Chipatala chachikulu n'cha paboma. Kwinako ndi zipatala zing'onozing'ono monga Zemba, Tafelansoni, Nsadzu ndi Chanida, kumene wodwala amafika wapansi, panjinga, panjinga yamoto kapena pangolo. Matenda akakula, ulendo wake ndi wa paboma, ndipo akakanika paboma, ndi wa ku Chipata Central, pamsewu umene anthu a ku Chadiza audandaula kwa zaka zambiri, fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja.

Korona italengezedwa m'dziko muno pa 18 Malichi 2020, oyamba kupezeka nayo anali banja lochokera kutchuthi ku France. Kumudzi nkhaniyo inamveka ngati ya anthu okwera ndege. Koma magalimoto a katundu ochokera ku Beira ndi ku Tete sanaleke kudutsa pachipata cha Chanida, ogula mbewu sanaleke kuzungulira m'midzi, ndipo maliro sanaleke kusonkhanitsa anthu. Mu Julayi chaka chomwecho, Prof Lloyd Mulenga ndi anzake anapima anthu m'makomo m'maboma asanu ndi limodzi, a Lusaka, Ndola, Kabwe, Livingstone, Solwezi ndi Nakonde, ndipo anapeza kuti pa munthu mmodzi aliyense amene boma linkamudziwa kuti ali ndi kachilomboka panali ena pafupifupi 90 osadziwika. Kachilombo koyenda chotero sikaima pamalire a tauni. Ngakhale Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a maiko atatu amakumana chaka ndi chaka, sikunachitike mu 2020 ndi 2021.

Funso lachiwiri la anamwino

Amene anaperekezapo wodwala m'masiku amenewo akukumbukira mmene zinkayendera pakhomo la chipatala. Choyamba kamfuti kopima kutentha kaloza pamphumi. Kenako kachipangizo kakang'ono kapana chala, n'kuonetsa manambala awiri, ya kugunda kwa mtima ndi ya okosijeni amene ali m'magazi. Kwa munthu wabwinobwino, ya okosijeni imakhala 95 kapena kuposa. Ikatsika pansi pa 90, kapena munthu akamapuma kopitirira ka 30 pamphindi, malamulo a WHO amati amenewo ndi matenda aakulu, wodwalayo agonekedwe ndi kuikidwa pampweya. Ena ankafika akuyenda okha, akucheza, koma kachipangizo kakuonetsa 80. Madokotala padziko lonse anadabwa nazo zimenezi.

Kenako lamba wa BP, ndi mafunso.

"Agogo, mwayamba liti kubanika?"

"Dzana, mwanangu. Koma chifuwachi chatha sabata."

"Muli ndi BP kapena shuga?"

"Anandiuzapo za BP kalekale. Ndinamwa mankhwala mwezi umodzi, mutu unasiya, ndiye ndinaleka."

Yankho limeneli namwino aliyense wa m'Chigawo cha Kummawa analimva, ndipo akulimvabe. Anthu ambiri amaitenga BP ngati malungo: yabwera, wamwa mankhwala, yapita. Pachichewa cha tsiku ndi tsiku timati "BP yandikwera" tikakwiyitsidwa ndi mwana kapena tikamva mtengo wa feteleza, ngati kuti imabwera ndi mkwiyo n'kupita ndi tulo. Koma BP yeniyeni nthawi zambiri siwawa. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu akhoza kulima maekala atatu, kukwera njinga mpaka paboma ndi kubwerako, uku manambala ali pa 170/100 chaka ndi chaka.

Funso lija silinkafunsidwa mwamwambo chabe. Kuyambira masabata oyamba a mliriwu, BP inkaonekera pamwamba pa mndandanda uliwonse. Mu Febuluwale 2020 bungwe loona za miliri ku China linatulutsa lipoti la anthu 44,672 otsimikizika kuti anali ndi kachilomboka. Mwa onse pamodzi, amene anamwalira anali 2.3 peresenti. Mwa amene analibe matenda ena alionse anali 0.9 peresenti, koma mwa a BP anali 6 peresenti, a shuga 7.3, a mtima 10.5. Mu Epulo, zipatala za ku New York zinafotokoza za odwala 5,700 ogonekedwa, ndipo oposa theka, 56.6 peresenti, anali a BP. Ku South Africa, m'kaundula wa odwala ogonekedwa opitirira 200,000, BP inalinso matenda ofala kuposa ena onse, pa munthu woposa mmodzi mwa atatu alionse.

Pamawailesi uthengawo unafupikitsidwa: a BP ndi a shuga, korona ikakugwirani mwapita. Ena anaumva n'kudziteteza. Ena anaumva n'kuopa chipatala.

Pomwe nkhani inapindika

Vuto la manambala oyamba aja n'lakuti BP ndi ukalamba zimayendera limodzi. Mukalowa muwodi modzaza anthu a zaka 60 ndi 70, mupeza a BP ambiri, kaya chawagoneka ndi korona, chibayo kapena kuthyoka mwendo. Ndiye chinkapha ndi chiti, BP kapena zaka?

Yankho lomveka linachokera ku England mu Julayi 2020, m'kafukufuku wotchedwa OpenSAFELY, amene anaunika mafailo a akuluakulu opitirira 17 miliyoni ndi imfa 10,926 za korona. Chinthu champhamvu koposa chinali msinkhu: wa zaka 80 kapena kuposa anali pangozi yoposa ka 20 poyerekeza ndi wa zaka za m'ma 50. Ofufuzawo atachotsa mphamvu ya msinkhu, kunenepa, shuga, matenda a impso ndi a mtima, BP payokha sinaoneke kuti ikuwonjezera imfa mwa anthu onse pamodzi. Koma atawagawa m'misinkhu, anapeza kuti mwa osafika zaka 70 inkawonjezeradi ngozi. Mu 2021 kafukufuku wa odwala 3,140 a m'zipinda za odwala mwakayakaya m'maiko khumi a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique, anapeza kuti pafupifupi theka, 48 mwa 100 alionse, anamwalira pasanathe masiku 30. Zimene zinatchulidwa kuti zinkawonjezera imfa zinali msinkhu, HIV, shuga, matenda a chiwindi, matenda a impso, ndi kuchedwa kulandiridwa chifukwa chosowa bedi kapena zipangizo.

Wina angawerenge izi n'kunena kuti ndiye BP tinainamizira. Ine sindikuona choncho. Onani zinthu zimene ofufuza amachotsa powerengera: impso zoonongeka, mtima wotopa, sitiroko yakale. Kodi zimenezi zimachokera kuti? Mu Africa muno BP ili m'gulu la zifukwa zikuluzikulu za zonse zitatuzi. Ukachotsa zimene BP yaononga, n'zoona kuti dzina lake lokha limatsala lopanda mano. Ndiponso a BP a ku England ambiri ndi anthu odziwika, omwa mankhwala, opimidwa kawirikawiri. Wa BP wa ku Zemba amene anamwa mankhwala mwezi umodzi mu 2015 n'kuleka ndi munthu wina, ngakhale m'kaundula onse alembedwa ndi zilembo ziwiri zomwezo. Komanso mzere wa zaka 70 uja kwathu kuno ukutanthauza pafupifupi aliyense, poti anthu ambiri a BP m'midzi yathu ndi a zaka za m'ma 40, 50 ndi 60, eni mabanja, olipira sukulu.

Zimene BP imachita m'thupi n'zodziwika bwino. Mtima wopopa magazi m'mitsempha yothina uli ngati ng'ombe yokoka pulawo m'nthaka youma nyengo ndi nyengo: poyamba imakhwima minofu, kenako imatheratu mphamvu. Khoma la mtima limakhuthala n'kuuma, moti sumadzaza bwino. Timitsempha ting'onoting'ono ta mu impso timapsa pang'onopang'ono, ndipo munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso zake osamva kanthu. Kansalu kopyapyala koyala m'kati mwa mitsempha, kamene kamaletsa magazi kuundana, kamakhala ndi mabala.

Ndiye pabwere korona. Mapapo akadzaza, okosijeni amachepa, mtima n'kuyamba kuthamanga kuti ukwanitse, pomwe unali wotopa kale. Kutentha thupi, kusadya ndi kutsegula m'mimba zimaumitsa thupi, impso zija n'kugwa msanga. Kachilomboka kamayambukiranso kansalu ka m'mitsempha kaja, magazi n'kumaundana. Madokotala a ku Lusaka amene anang'amba matupi a ena mwa omwalira ndi korona anapeza ambiri ali ndi magazi oundana otseka mitsempha ya m'mapapo.

Pali msampha wina umene odikirira odwala saudziwa. Munthu amene thupi lake linazolowera 170 akafika ali pa 110, achibale amasangalala kuti BP yatsika, ili bwino. Kwa dokotala wodziwa mbiri yake chimenecho n'chizindikiro choti thupi likugonja, ndipo impso sizikulandira magazi okwanira. Koma kuti adziwe, pafunika buku losonyeza manambala akale. Popanda bukulo, 110 imaoneka ngati nkhani yabwino.

Mphekesera ya mankhwala

Mu Malichi 2020 panabuka mantha ena, ndipo anayambira kwa akatswiri enieniwo. Kachilombo ka korona kamalowa m'maselo kudzera pakhomo lotchedwa ACE2, limene ndi mbali ya dongosolo lomwelo lowongolera BP m'thupi. Ena anaganiza kuti mankhwala monga enalapril, captopril ndi losartan angachulukitse makomo amenewa, kachilombo n'kumalowa mosavuta. Linali ganizo chabe, koma linayenda pa WhatsApp ngati chinthu chotsimikizika, ndipo anthu ena m'maiko ambiri anataya mankhwala awo.

Mabungwe a madokotala a mtima ku Ulaya ndi ku America anachenjeza mwezi womwewo kuti anthu asasiye. Kenako ku Brazil anayesa mwachindunji, pa odwala 659 ogonekedwa ndi korona amene ankamwa kale mankhwalawa. Ena anauzidwa kupitiriza, ena kuimitsa kwa masiku 30. Zotsatira za kafukufukuyo, wotchedwa BRACE CORONA, zinasonyeza kuti kuimitsa sikunapindulitse kanthu. Inde, dokotala angaimitse mankhwalawa kwa masiku angapo ngati wodwala wauma thupi kapena BP yagwa kwambiri. Chimenecho n'chigamulo cha muwodi, cha munthu amene akuona manambala.

Kunyumba kunkachitika zina. Anthu ankadzifukiza ndi nthunzi ya masamba a bulugamu, kumwa mandimu, jinja ndi adyo, ndipo za izo ndilibe nazo mlandu waukulu, kupatula pamene zinachedwetsa munthu wobanika masiku atatu. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mapilisi a pakantini. Brufen ndi diclofenac, amene anthu amagula thupi likamaphwanya, amakweza BP ndipo amapweteka impso, makamaka za munthu amene sakumwa madzi okwanira. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno nawonso amaikweza. Ngakhale dexamethasone, amene kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anasonyeza mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa odwala a pamakina opumira, ndi limodzi mwa asanu kwa a pa okosijeni, amakweza shuga ndipo angakwezenso BP. Amathandiza wodwala wosowa mpweya, woyang'aniridwa muwodi. Kwa amene akungotsokomola kunyumba alibe phindu.

Juni wa 2021

Funde loyamba la pakati pa 2020 linagunda kwambiri m'matauni. Lachiwiri linabwera kumapeto kwa chakacho ndi kumayambiriro kwa 2021, nthawi imene anansi athu ku Malawi anataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, pa 12 Januwale. Koma limene anthu a m'Zambia sadzaliiwala ndi lachitatu, la mtundu wa Delta, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi 2021, dziko lili pakalikiliki wa misonkhano ya chisankho cha pa 12 Ogasiti. Zipatala zinadzaza, sukulu zinatsekedwanso, ndipo mawu amene anali pakamwa pa aliyense anali okosijeni.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi owawa. Kamakina kokoka okosijeni mumpweya, kamene zipatala za m'maboma zimadalira, kamatulutsa malita 5 kapena 10 pamphindi, ndipo magetsi akathima nako kamaima. Wodwala kwambiri amafuna malita 15 kapena kuposa. Silinda yaikulu ya malita pafupifupi 6,800, pa malita 15 pamphindi, imatha m'maola osakwana asanu ndi atatu. Munthu mmodzi angamalize masilinda atatu patsiku, ndipo silinda yotha iyenera kukwera galimoto kukadzazidwa kutali. Kwa wodwala wa ku Chanida kapena ku Tafelansoni, onjezani maola ofunafuna choyendera, maola odikira ambulansi, ndi maola a pamsewu. Wa mtima ndi impso zamphamvu akhoza kupirira kuchedwa kumeneko. Amene BP inamudya kale zaka khumi alibe mphamvu yosungira yodikirira nayo. Apa m'pamene, mwa kuona kwanga, BP inkasiyanitsa anthu kumadera ngati Chadiza kuposa mmene manambala a ku England angasonyezere.

Katemera anali atayamba pa 14 Epulo 2021, ndi milingo 228,000 ya AstraZeneca yobwera kudzera mu COVAX, ndipo okalamba ndi a matenda okhalitsa anali m'gulu loyamba kuitanidwa. Koma mphekesera inawatembenuzira nkhani: wa BP akabayitsa, ati, agwa pomwepo. Amene ankafunika katemera koposa ndi amene anauzidwa ndi anansi kuti amuthawe. Panatenga mafumu, azibusa, ansembe ndi mawailesi a m'chigawo monga Breeze FM ndi Radio Maria kuti anthu ayambe kutambasula mkono.

Phunziro la kukiliniki ya ma ARV

Mliri utangoyamba, mantha aakulu m'dziko muno anali pa anthu a HIV. Dr Duncan Chanda ndi anzake anatsatira odwala 443 ogonekedwa ndi korona m'zipatala zisanu za ku Lusaka, Ndola, Kabwe ndi Livingstone kuyambira Malichi mpaka Disembala 2020. Mwa iwo, 28 mwa 100 alionse anali ndi HIV. Chimene anapeza n'chakuti kukhala ndi HIV pakokha sikunawonjezere kukula kwa matenda kapena imfa. Amene anali pangozi ndi aja HIV yawo inali itafika poipa, osati omwa mankhwala mokhulupirika.

Kwa ine phunziro lalikulu la mliri wonsewu lili pamenepa, ndipo likukhudza BP mwachindunji. Matenda okhalitsa ogwiridwa bwino ndi matenda omwewo olekereredwa ndi zinthu ziwiri zosiyana pa tsiku la tsoka.

Ndipo onani mmene timasamalira awiriwa pachipatala chimodzi chomwecho cha kumudzi. Wa ma ARV ali ndi failo, nambala ndi tsiku lobwerera. Akajomba, pali wodzipereka amene amakwera njinga kukamufuna kumudzi. Magazi ake amatumizidwa kukapimidwa. Korona itafika, unduna unafulumiza dongosolo lomupatsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kuti asamabwerebwere pamzere. Wa BP amaima pamzere wa odwala onse, pamodzi ndi a malungo ndi a zilonda. Amapatsidwa a mwezi umodzi akakhalapo. Mwezi uno nifedipine, mwezi wamawa Moduretic, mwezi winawo kapepala ndi mawu aja odziwika: "Atha, mukagule." Kukagula kuti? Sitolo ya mankhwala ili paboma kapena ku Chipata, ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka akagulitsa mbewu, ndipo matendawo sakumupweteka. Akaleka palibe amene amamufunafuna. Chithandizo cha m'zipatala za kumidzi chinakhala chaulere kuyambira 2006, koma ulere wa shelefu yopanda kanthu sutsitsa BP.

Sindikunena izi pochitira nsanje a ma ARV, ayi. Dongosolo lawo linamangidwa ndi thukuta komanso ndalama zambiri za obwera kudzathandiza, ndipo lapulumutsa anthu osawerengeka. Ndikunena kuti anamwino omwewo, odzipereka omwewo, njinga zomwezo, zasonyeza kale kuti munthu wa kumudzi akhoza kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wake wonse ngati wina akumutsatira. Ndiponso a ma ARV enieniwo akukalamba, ndipo ambiri a iwo tsopano ali ndi BP.

Mankhwala oyenera akudziwika, ndipo si odula. Mu 2019 kafukufuku wotchedwa CREOLE, wochitika m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa motsogozedwa ndi Dr Dike Ojji wa ku Nigeria, anasonyeza kuti mwa anthu akuda a kuno, kuphatikiza amlodipine ndi mankhwala ena amodzi kumatsitsa BP bwino kuposa kuphatikiza kopanda amlodipine. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri, osati umodzi. WHO, mu lipoti lake la 2023, inati padziko lonse wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi BP, pafupifupi theka sadziwa, ndipo anayi mwa asanu sakulandira chithandizo chokwanira.

Za mchere ndinene mwachidule, poti aliyense anazimva. STEPS inapeza kuti munthu wamkulu m'Zambia amadya magalamu 9.5 patsiku, pomwe WHO imati asafike 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Kumudzi mchere subwera ndi zakudya za m'mapaketi kwenikweni. Uli mu kapenta ndi nsomba zouma, mu soda wa m'therere, m'kambale ka mchere ndi tsabola kokhala pambali pa nyama yootcha pamsika, ndi m'dzanja la bambo amene amathira asanalawe n'komwe. Ophika ndi amayi, koma wolamula kuti ndiwo zilibe mchere amadziwika.

Opulumuka aja

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti korona siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. M'mabuku a boma, Zambia inataya anthu opitirira pang'ono 4,000, ngakhale kafukufuku wa kumochale uja akusonyeza kuti ambiri sanalowe m'mabukumo. Matenti anapasulidwa, ndowa zosambira m'manja zinabwerera kukatungira madzi. Kachilomboko kakadalipo, ndipo kakugonekabe okalamba ndi a matenda okhalitsa, monganso chimfine chachikulu ndi chibayo cha m'nyengo yozizira.

Amene anagonekedwa n'kuchira ali ndi nkhani yawoyawo. Ku America, Dr Ziyad Al-Aly ndi anzake anatsatira anthu opitirira 150,000 amene anadwala korona, ndipo mu 2022 anafotokoza kuti m'chaka chotsatira anthuwa ankadwala mtima, sitiroko ndi kuundana kwa magazi kuposa anzawo amene sanadwale, ndipo ngoziyo inkakula malinga ndi mmene matendawo anakulira. Kafukufuku wina wa ku New York mu 2023 anapeza kuti mwa ogonekedwa ndi korona amene analibe BP kale, mmodzi mwa asanu anapezeka nayo patapita miyezi isanu ndi umodzi. Choncho munthu wa ku Chadiza amene anagona pampweya mu 2021, n'kubwerera kumunda osapimidwanso, ndi amene ayenera kukhala patsogolo pamzere.

Kupimako kulinso ndi kachitidwe kake, ndipo pamzere wautali kamaphonyedwa kawirikawiri. Munthu amene wangotsika panjinga atapalasa makilomita 15 sayenera kumangidwa lamba nthawi yomweyo. Akhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, osalankhula, ndipo asanasute fodya kapena kumwa tiyi posachedwa. Lamba akhale wa saizi ya mkono wake, chifukwa wamng'ono pamkono waukulu amanamiza kuti BP yakwera. Nambala imodzi yokwera siikwanira kugamula, pafunika kubwereza tsiku lina, pokhapokha ikafika cha m'ma 180/120, kapena pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kuona zachimbuuzi, kupindika pakamwa kapena kufooka mbali imodzi, pamene sipafunikanso kudikira mawa. Ndipo wopimidwayo apemphe kuti manambala onse awiri, yapamwamba ndi yapansi, alembedwe m'buku lake pamodzi ndi deti, osati kungouzidwa kuti "ili bwino, pitani."